Mwana wa Bubuti

Nei Rereao amagulitsa nsomba m'mphepete mwa msewu pa Bikenibeu, pansi pa mtengo wamthunzi woyang'anana ndi sitolo ya zitsulo. Malowo anawasankha ndi diso la geni. Minibasi zochokera ku Betio zimachepetsa liwiro pamenepo chifukwa cha hampu, ndiye munthu wokhala pawindo amapeza mpata woona mchira wa nsomba ya tuna utasuzumira m'bokosi la ayezi, n'kukumbukira kuti kunyumba kulibe ndiwo. Ambiri ogulitsa mumsewu uno tinaphunzira poonera iyeyo: nsomba yonona ikhale pamwamba, ayezi asaonane ndi dzuwa, ndipo kasitomala amene wamuseketsa sanenerera mtengo.

Komatu chimene chamusunga pa geni zaka zonsezi si malo okha. Kuno ku Tarawa, chilumba chathu cha pakati pa nyanja yaikulu, geni siifa chifukwa chosowa ogula. Imafa ndi bubuti. Wachibale akaima patsogolo pako n'kunena kuti wabwera ndi bubuti, ndiye kuti wapempha pempho limene munthu sakana. Kaya ndi njinga, kaya ndi malaya amene wavala, umangopereka, pakuti wokana bubuti dzina lake limanunkha kuposa nsomba ya dzana, ndipo tsiku lake losowa likadzafika adzapeza makomo onse ali otseka. Pothawira ndi pamodzi pokha: kunena kuti chinthucho si chako. Kanjira kameneka Rereao anakayenda mpaka kanasalala.

"Neiko, mayi iwe, bubuti. Kansomba kamodzi ka ana," msuweni wina ankatero atagwira kale chivindikiro cha bokosi.

"Ha, zikanakhala zanga bwenzi ndakupatsa ziwiri! Si zanga izi, ndi za eni boti. Ine pano ndine mlonda chabe."

Onse awiri ankadziwa kuti nsombazo Rereao wazigula ndi thukuta lake kugombe. Koma limenelo ndi bodza laulemu, losachititsa munthu manyazi. Wopempha uja sanakanidwe. Wangopeza kuti chinthucho ndi cha eni. Amaseka, n'kufunsa za moyo, n'kumapita.

Rereao anabadwira ku Nonouti, chilumba cha kummwera, ndipo anabwera ku Tarawa akali mtsikana, atakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito m'sitima za kunja. Ukwatiwo unali wa miyezi yochepa ya kukhalira limodzi ndi miyezi yambiri ya kudikira. Mwana sanabwere. Mwamunayo atatopa ndi zonena za abale ake, ulendo wina anatsika sitima n'kulunjika kunyumba ya mkazi wina ku Betio, osadzera n'komwe kudzatenga nsapato zake. Rereao sanalire pagulu. Anagulitsa wailesi imene mwamunayo anasiya, n'kugula bokosi lake loyamba la ayezi.

Geni itaima bwino, anakwera sitima kupita kwawo, ndipo kumeneko anachita bubuti imodzi yokha ya moyo wake wonse. Mlongo wake wamkulu, Kaiea, anali ndi ana odzaza mkeka, ndipo mkazi wake Baurina anali atangobereka kumene wina wamkazi. Rereao anakhala pansi pamaso pa awiriwo n'kupempha khandalo. Kaiea anayang'ana mkazi wake. Baurina anayang'ana kunyanja nthawi yaitali, kenaka anamuchotsa mwanayo kubere, mkaka udakali pamilomo, n'kumuika m'manja mwa mlamu wake. Zimenezi kwathu si zachilendo. Ana ambiri amakula chotero, akudziwa amene anawabereka ndi amene anawapempha. Koma Rereao sanaiwale kuti tsiku limenelo Baurina sanamuyang'ane m'maso.

Mwanayo, Maiango, anakulira pansi pa mtengo wa pa Bikenibeu. Tulo take toyamba ta masana ankagona m'bokosi lakale lopanda chivindikiro, atamuyalira nsalu. Atasinkhuka, ntchito yake akaweruka kusukulu inali yokalandira nsomba kugombe maboti akamakocheza. Ana ena ankathamangira kutsogolo kwa boti kukaona zimene zagwidwa, koma iye ankathamangira kumbuyo, kumene kuli injini. Asodzi poyamba ankamuthamangitsa. Kenaka anayamba kumutuma kuti awapatsire sipanala, ndipo pamapeto pake ankangomusiyira sipanalayo iwo n'kukakhala pamthunzi. Madiresi ake onse, ngakhale ya kutchalitchi yomwe, anali ndi kadontho ka oyilo penapake.

Pafupi ndi bokosi la Rereao pali la Nei Tiebane, mnzake wa zaka zambiri, mayi wa pakamwa posatseka.

"Neiko, mwana wakoyu adzakwatiwa ndi injini," ankatero Tiebane. "Paukwati pake tidzavina tikutsokomola utsi."

"Bola injini, mnzanga. Ikakana kugwira ntchito umadziwa pomenya."

Maiango atamaliza Fomu 7, kalasi yomaliza ya sekondale kuno, dzina lake linamveka pa wailesi pakati pa ochepa amene anapata mwayi wokaphunzira kunja molipiriridwa. Tsiku limenelo Rereao anagulitsa nsomba mosayang'ana n'komwe sikelo. Chimene chinatsala chinali kusankha yunivesite ndi maphunziro ake, ndipo opereka mwayiwo anati yankho lifike mwezi usanathe.

Rereao anali atasankha kale mumtima, ndipo anasankha monga anasankhira malo a geni. Ku Suva, ku Fiji, maphunziro a zowerengera ndalama. Ndege ya ku Fiji siisowa. Ku Suva kuli anthu akwathu ambiri, kuli mapemphero a chinenero chathu, kuli mpunga ndi nsomba. Mwana akamaliza adzalowa mu ofesi yozizira ku Bairiki, mtunda wa minibasi imodzi kuchokera pakhomo, ndipo poweruka azidzatsika pa hampu pomwepo. Anazifotokoza zonsezi masana ena pansi pa mtengo, akupala mamba, mawu ake ali osalala ngati a munthu amene wamaliza kale nkhani.

Maiango anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ine ndikufuna ku Tasmania."

"Tasi chiyani?"

"Tasmania. Ndi chilumba, kunsi kwa Australia. Kuli sukulu ya mainjini a sitima zikuluzikulu. Injini imodzi kukula kwake ngati tchalitchi, munthu amalowa m'kati mwake ataimirira."

"Kunsi kwa Australia kulinso anthu?" analowerera Tiebane. "Ine ndimayesa kuti kumeneko dziko linathera, kwangotsala ayezi basi. Neiko, muloleni apite. Azikutumizira ayezi waulere, nafenso tipume."

"Iwe khala chete, gulitsa nsomba zako zofiira masozo," anatero Rereao, koma sanaseke. Anatembenukira kwa mwanayo. "Kumeneko ndani wakwathu? Ukadwala adzakuphikire phala ndani? M'kalasimo mudzakhala amuna okhaokha, azungu ataliatali, iwe kamtsikana kamodzi kakuda ndi oyilo. Ndipo tsiku limene udzamve kuti ndafa, udzafika atandikwirira kale, udzu utamera."

"Inu simungafe, a Rereao. Imfa ikadzabwera ndi bubuti mudzaiuza kuti moyowo si wanu, ndi wa eni boti."

Tiebane anaseka mpaka kugwira bokosi kuti asagwe. Rereao analuma mlomo kuti asaseke nawo. Koma Maiango anasiya nthabwala, n'kugwada pafupi.

"Ku Suva ndikhoza kupita, ndipo ndikakhoza bwino, inunso mukudziwa. Koma ndizikakhala ngati izi." Anagogoda bokosi la ayezi ndi chala. "Zosaola, koma zakufa."

Minibasi inaima, munthu anatsika, anagula, anapita. Rereao anatsuka mpeni, anaupukuta, anakonzanso nsomba zimene zinali zokonzeka kale. Atasowa china chochita, anayang'ana mwanayo n'kukweza nsidze zonse ziwiri, kuvomera kwa kwathu. Maiango anamukumbatira mwamphamvu, mamba n'kumatirira pa diresi. Madzulo a tsiku limenelo Rereao anapita kukafunsa mphunzitsi wina woyandikana naye ngati ku Tasmania anthu amadya mpunga.

Nkhani kuno imayenda mofulumira kuposa sitima, komabe sitima nayo inafika. Lamlungu lotsatira, anthu atangoweruka kutchalitchi, Rereao anapeza mlongo wake Kaiea atakhala pa thandala lofolera la pakhomo pake, pamodzi ndi madoda awiri a banja lawo okhala ku Betio. Munthu wongobwera kudzacheza sabwera ndi madoda.

Kaiea anali atakalamba kuposa zaka zake, manja ake atalimba ndi ntchito yosenda kokonati. Anatulutsa mphatso: mtolo wa nsomba zouma zamchere, botolo la uchi wa kokonati, ndi mkeka watsopano woluka Baurina. Rereao poutambasula anaona kuti mizere yake inayamba yowongoka bwinobwino monga mwa masiku onse, koma chakumapeto inali itasochera, wina kukwera pa unzake. Baurina anali katswiri woluka wa mudzi wonse. Rereao anaupinda mkekawo msanga.

Anamwa tiyi, anafunsana za mvula, za amene anamwalira ndi amene anakwatiwa. Maiango anakhala m'mphepete mwa thandala atagwira ketulo, monga ayenera mwana pakakhala alendo. Makapu atatsala theka, Kaiea anakonza kukhosi.

"Mlongo wanga, Baurina maso akupita. Ndi shuga. Dzuwa amaliona, koma nkhope za adzukulu ake amaziona ndi zala. Anyamata anga onse ali m'sitima za eni, atsikana anakwatiwa kutali. Tinamva dzina la mwanayu pa wailesi, mudzi wonse unabwera kudzatigwira chanza, ngakhale sitinamugulirepo pensulo ndi imodzi yomwe. Zimenezo ndi zako, ndipo tikukuthokoza." Anaika kapu yake pansi. "Unabwera kwa ine manja ali lende, ndinakupatsa mwana mkaka uli pakamwa. Zaka zonsezi sindinakupemphepo ngakhale mbedza. Lero ndabwera ndi bubuti. Muuze mwanayu asankhe uphunzitsi ku Suva. Akamaliza, boma lidzamutumiza kusukulu ya kwathu. Amayi ake amve mawu ake pakhomo asanafe. Kuzizira kumene tikumvako, munthu akapita sabwerera. Sitima zimene azikaphunzirazo sizikocheza ku Nonouti."

Nkhumba ya pakhomo loyandikana inali kukoka chingwe chake.

Rereao anaona kuti pempholi linalibe choipa. Kaiea sananame pa mawu ndi amodzi omwe. Choopsa kwambiri chinali chakuti mbali ina ya mtima wake inalilandira mokondwa. Si Suva yomweyo imene iye mwini ankafuna? Akangokweza nsidze, mwanayo adzamvera, pakuti sanamukanirepo mawu pamaso pa anthu. Adzakhala mphunzitsi, azidzadutsa pa Tarawa patchuthi chilichonse, ndipo palibe amene adzanene kuti Rereao anamutsekereza mwana. Adzati inali bubuti. Zonse zikanatha bwino kwa aliyense amene anakhala pa thandalapo, kupatula mmodzi.

Anayang'ana kumbali. Maiango anali ataweramitsa mutu. Zala zake, zakuda m'zikhadabo ndi oyilo wosachoka ndi sopo, zinagwira ketulo molimba, ndipo chivindikiro chake chinali kulira pang'onopang'ono, ke-ke-ke, ngati madzi akuwira, chonsecho tiyi anali atazizira kale.

Kukana sakanatha. Pamaso pa madoda, kwa munthu amene anamupatsa mwana, mawu akuti ayi sakanatuluka. Anafufuza m'mutu monse, ndipo anapezamo kanjira kamodzi kokha, kake kakale ka pamsewu. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka anali ake a pa geni, opepuka, okhala ngati akuseka.

"Ha, mlongo wanga, akanakhala wanga bwenzi ndakupatsani lero lomwe. Koma mwanayu si wanga."

Chivindikiro cha ketulo chinasiya kulira.

Mmodzi wa madoda aja anatsokomola. "Rereao, pano si pamsewu. Sitikunena za tuna."

"Ndamva, bambo, koma zoona zake n'zomwezo. Si wanga. Kuchokera tsiku limene dzina lake linatuluka pa wailesi, ndi wa eni ake amene akumulipirira. Iwowo ndi amene anayeza mutu wake n'kupeza kuti ndi wa mainjini. Ine ndingalowerere bwanji pa za eni? Ine pano ndine mlonda chabe."

Aliyense pa thandalapo ankadziwa kuti opereka mwayi sasankhira munthu. Kaiea naye ankadziwa. Koma akanati anene kuti mlongo wake akunama, ndiye kuti walengeza kuti m'banja mwawo muli munthu wokana bubuti, ndipo fungo limenelo likanamugwira iye yemwe ndi ana ake. Bodza laulemu umalilandira. Kaiea analilandira, koma analilandira lonse, osasiyako ndi nyenyeswa yomwe.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Cha eni sitipempha. Apite kumene eni ake anena." Anatembenuza kapu yake n'kuivundikira pa mkeka. "Koma madoda amva. Ine ndinapereka mwana kwa mayi. Sindinapereke kwa mlonda. Poti ulonda watha, mwanayu akatsanzike kwa amene anamubereka. Akhale kwathu mpaka eni akewo adzamuitane."

Madoda anakweza nsidze. Nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake Maiango anapita ku ofesi ya opereka mwayi ku Bairiki n'kukanena chisankho chake: Tasmania, mainjini a sitima. Masana anabwerera kudzalongedza, pakuti sitima ya ku Nonouti inali kunyamuka tsiku lomwelo. Rereao anasiyira Tiebane bokosi n'kumutsatira kunyumba. Anaima pakhomo akuonerera mwanayo akupinda zovala, akukulunga masipanala ake m'thaulo lakale.

"Watenga sopo?"

"Ndatenga."

"Kumeneko madzi a pachitsime uziwiritsa. Mimba yako ndi ya kuno."

Maiango anamanga chikwama, osatembenuka. "Munanena ngati mukunena za tuna. Mawu anu sananjenjemere n'komwe."

"Akananjenjemera bwenzi lero wakalembetsa ku Suva."

"Ndikudziwa. Ndinakulira pansi pa bokosi lanu, ndimadziwa tanthauzo lake." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Koma ndinamva ndi makutu angawa. Kudziwa n'kwina, kumva n'kwina."

Rereao anafuna kunena kanthu, koma mawu onse amene anali nawo anali a pa geni, oseketsa kasitomala, ndipo panalibe ndi amodzi omwe oyenera pamenepo. Anangonyamula chikwamacho n'kuchisenza mpaka pamsewu. Minibasi itaima pa hampu, mwanayo anakwera n'kukhala mbali ya kunyanja, yosayang'ana ku mtengo.

Miyezi imene Rereao ankayembekeza kuti adzakhala akumudyetsa mwanayo zonse zimene amakonda, kumunenepetsa asanapite kozizira, anaikhala yekha. Anapeza ntchito imodzi yoti mtima utsamirepo: kufuna juzi. Pa Tarawa juzi n'chinthu chosowa kuposa mvula ya m'chilimwe. Anayenda m'makaunjika onse kuyambira ku Betio mpaka ku Bonriki, akuvundukula milu ya madiresi ndi akabudula, ogulitsa akumuseka.

"Neiko, juzi? Dzuwa lonseli? Kapena mwayamba kugona m'bokosi la ayezi?"

"Ndikufuna ndizioneka wonenepa, mwina ndingapeze mwamuna," ankayankha, iwo n'kuseka, iye n'kupitirira.

Analipeza pansi pa mulu wina ku Bairiki: juzi lalikulu la ubweya, lobiriwira, la mwamuna wamtali, lotoboka pachigongono. Analichapa, analisoka, analiyanika kuseri kwa nyumba kuti anthu asamufunse.

Tsiku la ulendo anatseka bokosi pakati pa sabata, chinthu chimene sanachitepo chiyambire geni. Ku bwalo la ndege ku Bonriki mabanja anali atayala mikeka pansi pa mitengo, banja lililonse litazungulira wapaulendo wake, akudya, akuimba, ena akulira kale. A ku Nonouti anali atabwera ndi sitima, ndipo achibale a ku Betio anawonjezera gulu. Pakati pawo panakhala Maiango, atada ndi dzuwa la kumudzi, ndipo pambali pake panali Baurina, maso ake atachita mbuu, dzanja lake lili pa bondo la mwanayo ngati akuopa kuti amubanso.

Rereao anayandikira mpaka pomwe mkeka unathera. Achibalewo anamupatsa moni, iye anayankha. Palibe anamuthamangitsa. Kwathu munthu sathamangitsidwa, amangosowa pokhala. Palibe anasuntha mwendo kuti amupatse malo. Anaima pang'ono ngati munthu amene wakumbukira kanthu, kenaka anabwerera n'kukaima ku mpanda wa waya, pamene pamaima ana ndi anthu ongobwera kudzaonera ndege.

Juzi lija analipereka kwa Tiebane, amene analibe manyazi ndi munthu aliyense. Tiebane anadutsa pakati pa mikeka akuponda mapazi a anthu.

"Pepani, pepani, katundu wa eni! Iwe mkazi wa injini, landira. Akuti ukavale kuti azungu asakuone kuti ukunjenjemera, angayese kuti ukuwaopa."

Ali ku mpanda Rereao anaona Baurina akupapasa nkhope ya mwanayo, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, n'kumuveka nkhata ya maluwa kumutu. Ntchito imeneyo ndi ya mayi, ndipo Rereao anali atasankha kale mtengo umene akanathyolako maluwawo. Komabe poona zala za mlamu wake zikuyenda pankhopepo sanathe kumuchitira nsanje. Anangogwira waya.

Okwera ataitanidwa, Maiango anaimirira, anatambasula juzi lija, analiyang'ana, n'kulivala pomwepo pamwamba pa diresi, dzuwa lili paliwombo. Manja ake anasowa m'mikono yaitaliyo. Anthu anaseka, ana anamuloza, Kaiea anayang'ana pansi. Mwanayo anayenda chomwecho kudutsa pa tala wotentha, thukuta likutsika m'khosi, nkhata ili kumutu. Atafika pamakwerero anatembenuka n'kuyang'ana ku mpanda kamodzi. Sanakweze dzanja, mwina chifukwa cha achibale amene anali kumuyang'ana, mwina pa chifukwa china. Rereao wakhala akulitembenuza funso limenelo ngati nsomba yowamba, ndipo silinapsebe.

Baurina anamwalira m'chaka chachiwiri cha maphunzirowo, Maiango ali pakati pa nyanja pa sitima yophunzirira, kumene uthenga unamupeza maliro ataikidwa kale. Rereao sanatumiziridwe uthenga ayi. Anamva kwa mayi wina amene anasuzumira pawindo la minibasi n'kumupepesa, poyesa kuti akudziwa. Minibasi inadutsa hampu n'kupita, iye atagwira nsomba kumchira. Sabata imeneyo anatumiza ku Nonouti thumba la mpunga ndi la shuga. Sitima yotsatira inabwera nazo zili zosamasula. Kaiea sananenepo choipa chilichonse za mlongo wake, ndipo sanatchulenso dzina lake. Kamunda ka kokonati kamene makolo anamusiyira Rereao kadakalipo, koma iye akudziwa kuti akatsika pagombe la kwawo adzapatsidwa moni ngati mlendo wa boma.

Maiango anamaliza, ndipo anamaliza bwino. Lero ali pa sitima ya katundu yoyenda pakati pa madoko a Australia ndi New Zealand, pansi penipeni pamene pali injini yaikulu ngati tchalitchi ija. Ife ogulitsa achinyamata timati adzabwera, pakuti sitima zathu za m'zilumba zimafa injini mwezi ndi mwezi, ndipo munthu wotere boma silingamusiye. Tikamanena zimenezi Rereao amangokonza ayezi.

Foni amaimba. Sitima ikakocheza padoko, masana a kuno, foni ya Rereao imalira m'thumba la epuloni, ndipo iye amaitulutsa ndi zala zamamba. Kwathu mwana amaitana kholo lake ndi dzina, ndiye mawu oyamba amakhala omwe aja a kale: "A Rereao, muli bwanji?" Ndi mmene mwana amaitanira mayi wake, komanso ndi mmene munthu aliyense waulemu angaitanire mayi wogulitsa nsomba amene anamuchitira zabwino. Rereao amakanikiza foni kukhutu kuti amve kusiyana kwake, koma mafunde a foni za kuno amadukaduka, ndipo kumbuyo kumakhala phokoso la zitsulo. Amakamba za kuzizira, za mtengo wa ayezi, za boti la uje limene injini yake yafanso. Za tsiku la pa thandala sanakambepo.

Masana ena posachedwa foni inalira pali kasitomala, bambo wachilendo wa tayi wochokera ku maofesi. Maiango anali wokondwa. Anali atangomaliza kukonza china chake chimene chinawavuta kuyambira ku doko lina.

"Dikirani mumve! Mvetserani mmene ikuyendera tsopano!"

Anaika foni pafupi ndi injini. Rereao anaima pansi pa mtengo, maso atatseka, akumvetsera kugunda kwakukulu kochokera kutali, du-du-du-du, kosalala, kosaphonya. Anamvetsera mpaka foni inaduka yokha.

"Neiko," anatero bambo wa tayi uja akuseka, "ndani ameneyo wokuimbirani kuchokera kunja kuti mumve phokoso?"

Tiebane, amene sasowa chonena, ulendo uno anayang'ana kumsewu. Rereao anabweza foni m'thumba, anatola mpeni, anaupukuta mbali zonse ziwiri pa epuloni.

"Ndi injiniya wa sitima," anatero. "Mutenga ya kumutu kapena ya kumchira?"